Foni ya help desk sikupuma, mafunso ndi omwewomwewo: tiyambire pati?

Funso

Ndapatsidwa udindo woyang'anira help desk, ofesi yoyankha mafunso a magulu otolera deta, pa kafukufuku wa zaumoyo woyenda khomo ndi khomo. Mu ofesi tilimo atatu, pamene magulu amene ali kumidzi ndi oposa 20, onse ali ndi matabuleti. Foni sikupuma, mafunso ndi omwewomwewo, ndipo chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti funso limodzi atatufe timaliyankha mosiyana. Abwana akuti mankhwala ake ndi knowledge management. Tiyambire pati, poti ndalama zogulira pulogalamu yodula palibe?

Yankho

Mayi, mawu a abwanawo asakuopseni. Ndi dzina lalitali la chinthu chimene mlimi aliyense amachidziwa: chimanga chikauma sumachisiya m'munda, umachituta n'kuchiika m'nkhokwe, ndipo nkhokweyo umaiyang'anira kuti anankafumbwe asalowemo. Zokolola za help desk ndi mayankho. Pakali pano yankho lililonse limene mukupereka likuthera pa foni pomwepo. Walimva ndi munthu mmodzi, walipereka uja pofika mawa waliiwala, ndipo wina akaimba mukuyambanso kulima munda womwewo.

Pa zonse mwatchulazi, choopsa kwambiri ndi chomalizacho, chakuti atatu mukuyankha mosiyana. Titenge funso limene silisowa pa kafukufuku wa mtundu wa DHS (Demographic and Health Survey, wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo): mlendo amene wagona pakhomo usiku wathawu alembedwe kapena asalembedwe? Lamulo la DHS limati alembedwe onse, okhala pakhomopo nthawi zonse pamodzi ndi alendo amene anagonapo usiku wapitawo, ndipo fomu ili ndi madanga osonyeza kuti uyu ndi wapakhomo, uyu anangogona. Tsono mmodzi wa inu akauza magulu angapo kuti alendo awasiye, tabuleti siidandaula, seva siidandaula, deta imafika yooneka bwinobwino. Cholakwikacho chimakabisala m'ziwerengero. Ndipo taonani kukula kwa ntchito zoterezi: DHS ya Malawi ya 2015-16 inayenda m'madera 850 n'kucheza ndi amayi 24,562. Ndani angabwerere kukakonza khomo ndi khomo? Tabuleti ikafa imaoneka, mumapereka ina. Yankho lolakwika limakwera galimoto ndi gululo mpaka kafukufuku atatha.

Choncho musayambe n'kufunafuna pulogalamu. Yambani ndi kaundula. Kwa masiku 7, foni iliyonse, uthenga uliwonse wa pa WhatsApp, ngakhale funso limene dalaivala wabwera nalo pakamwa, zilembedwe pa spreadsheet imodzi imene atatu nonse mukuiona. Madanga asachuluke, chifukwa akapitirira 10 anthu amayamba kudumphira. Awa ndi okwanira: tsiku ndi nthawi, nambala ya gulu, nambala ya EA (kadera kowerengera anthu kamene gulu likugwiramo), nambala ya tabuleti, version ya fomu, vuto m'mawu a woimbayo, chimene mwamuuza, ngati chathandiza, ndi amene wayankha.

Danga la mawu a woimbayo ndi limene ambiri amaliphonya. Wofunsa mafunso akati "tabuleti yangoti zii, kachinthu kakungozungulira", lembani zomwezo. Musamukonzere kuti zimveke zachikatswiri. Mawa wina adzaimba n'kunenanso za kachinthu kozungulira, ndipo mnzanu akasaka mawu amenewo ayenera kugwera pa yankho. Akasaka kawiri katatu osapeza kanthu, amaleka kusaka n'kubwerera kuyankha za m'mutu mwake.

Sabata ikatha, unjikani mafunso ofanana pamodzi n'kuwerenga. Mudzaona nokha kuti ndi mafunso ochepa amene akukudyerani tsiku. Tengani 15 kapena 20 obwera kawirikawiri, akhale oyamba kulowa m'nkhokwe. Zolemba buku lonse la mavuto amene angadzachitike zisiyeni, limatenga mwezi ndipo zambiri za m'menemo palibe adzazifunse.

Pounjikapo mudzapeza kuti mafunsowo si amtundu umodzi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Ena ndi a makina: tabuleti, batire, netiweki, pulogalamu. Amenewo ndi anu, yankhani. Ena ndi a tanthauzo la mafunso ndi malamulo a kasankhidwe ka makomo. Ena ndi a zoyeza magazi, sikelo ndi bolodi loyezera kutalika. Ena ndi a chitetezo. Kenako pali a mafuta a galimoto, alawansi ndi malo ogona. Omalizawa apatseni mwaulemu nambala ya ofesi yoyenera, osalonjeza kanthu, chifukwa help desk ikangolonjeza za alawansi kamodzi, mafoni onse amasanduka a alawansi.

Mitundu itatu yapakatiyo si yanu kuigamula, ngakhale mutakhala kuti yankho mukulidziwa. Protocol, chikalata cha malamulo a kafukufuku wa zaumoyo, imavomerezedwa ndi komiti yoteteza otenga nawo mbali, monga NHSRC kapena COMREC, ndipo munthu wa pa help desk alibe mphamvu yoisintha pa foni. Tiyerekeze supavaiza waimba madzulo. Akuti nyumba nambala 14 apitako kawiri, eni ake ali kudimba, kodi angatenge yoyandikana nayo? Wachifundo amati, "tengani, bola chiwerengero chikwane." Apo wawononga sample, mndandanda wa makomo osankhidwa kuimira onse. Pa DHS nyumba yosankhidwa siilowedwa m'malo ndi ina. Amabwererako kosachepera katatu pa nthawi zosiyana, ndipo zikakanika amalemba nambala yosonyeza kuti sanapeze munthu. Chifukwa chake n'chakuti anthu osapezeka pakhomo masana, aganyu, ageni, asodzi, amasiyana moyo ndi opezeka pakhomo nthawi zonse. Mukamasinthanitsa, kafukufuku amadzaza ndi anthu amtundu umodzi.

Ntchito yanu pa funso lotere ndi kulitenga, kulipereka kwa mwini wake, kumulondola mpaka ayankhe molemba, n'kuika yankholo m'nkhokwe pamodzi ndi udindo wa amene wagamula. Khalani pansi ndi abwana, mtundu uliwonse wa mafunso upatsidwe mwini mmodzi ndi womugwirizira mmodzi. Muikenso malire a nthawi: la chitetezo nthawi yomweyo, loimitsa ntchito ya gulu pasanathe ola limodzi, lina lililonse pasanathe maola 24. Malirewa akasowa, a ku field sadikira. Amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzipangira lamulo lawo, ndipo gulu lililonse limapanga lakelake.

Tibwere ku kalembedwe. Pali njira yodziwika pa ntchito za help desk yotchedwa Knowledge-Centered Service, imene bungwe la Consortium for Service Innovation la ku America linayamba kuikonza m'zaka za m'ma 1990. Simufunika kuiphunzira yonse. Tengani ziwiri zokha. Choyamba, yankho limalembedwa pa nthawi imene mukuthandiza munthuyo, osadikira Lachisanu kuti mupeze mpata. Chachiwiri, yankho lililonse limasanjidwa mofanana: vuto, pamene likuchitikira, chochita, ndi chifukwa chake. Vuto limodzi, khadi limodzi, ndipo khadilo likhale lalifupi moti munthu ali pa dzuwa, woyankha mafunso akumudikira pamkeka, angathe kuliwerenga. Nali khadi la gulu logwiritsa ntchito ODK Collect, pulogalamu yodzazira mafomu pa tabuleti:

Khadi 012: Mafomu akukana kupita ku seva
Mawu ena osakira: yakana kutumiza, ikungozungulira, sync yakanika, certificate
Pamene zikuchitika: ODK Collect, tabuleti iliyonse, makamaka imene batire inatheratu
MUSACHOTSE pulogalamu. MUSADINE Clear data.
1. Werengani mafomu amene ali pa Ready to send, lembani chiwerengerocho m'kope.
2. Onani tsiku ndi nthawi pa tabuleti. Ngati zalakwika, jambulani sikirini kaye, konzani, ndipo muuze help desk ngakhale mafomu atapita.
3. Tsegulani tsamba lililonse la pa intaneti. Likakana, vuto ndi netiweki kapena bandulo: pitani ku khadi 004.
4. Tumizani fomu imodzi yokha. Ikapita, tumizani zotsalazo, n'kuona ngati chiwerengero chafanana ndi cha m'kope.
5. Zikakanikabe, jambulani uthenga wa pa sikirini wokhawo, musaonetse mayankho a munthu, tumizani ku help desk.
Chifukwa: tsiku likalakwika, tabuleti imakana kudalira seva.
Mwini: woyang'anira deta. Pansi pake tsiku lovomerezedwa ndi version ya fomu.

Chenjezo lili pamwamba ndi zilembo zazikulu pa chifukwa. Tonse tinazolowera pa mafoni athu kuti pulogalamu ikavuta, uichotse uiikenso. Koma pa matabuleti a Android a masiku ano, ODK Collect komanso pulogalamu inzake, CSEntry ya CSPro, zimasunga mafayilo m'chikwatu chimene chimafufutika pamodzi ndi pulogalamuyo. Gulu limene lakhala masiku atatu kopanda netiweki lingathe kutaya ntchito ya masiku atatu ndi chala chimodzi. Masitepe nawonso amayamba ndi osawononga kanthu, oopsa amakhala kumapeto kapena sauzidwa n'komwe kwa a ku field.

Sitepe yachiwiriyo ikuoneka yaing'ono koma ndi yolemera kuposa zonse. Tabuleti imene batire yatheratu nthawi zina imadzuka ili ndi tsiku lakale. Seva imalankhula ndi tabuleti kudzera pa certificate imene ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye tsiku la tabuleti likagwa kunja kwa malirewo, kulumikizana kumakanika. Limenelo ndi vuto looneka. Losaoneka ndi ili: fomu imawerengera zaka za munthu kuchokera pa tsiku la tabuleti. Mwana amene wakwanitsa zaka 5 angaoneke ngati sanakwanitse, n'kuyezedwa pamene samayenera, ndipo mtsikana wa zaka 15 angaoneke wa 14, n'kusiyidwa. N'chifukwa chake khadi likuti ajambule kaye ndipo anene ngakhale mafomu apite, kuti woyang'anira deta adziwe mafomu amene anadzazidwa tsiku lili lolakwika. Woyankha za m'mutu amangoti "konzani date", mafomu n'kupita, onse n'kusangalala, mbali yachiwiriyo n'kuiwalika.

Foni ikalira, mwambo ukhale umodzi kwa atatu nonse. Moni, nambala ya gulu, nambala ya tabuleti, kenako, "tandiwerengereni zimene zalembedwa pa sikirinipo, monga mmene zilili." Uku akuwerenga, inu mukusaka. Khadi likapezeka, mutchulireni nambala yake ndipo muyende naye sitepe ndi sitepe. Pamene wakakamira osamva, pamenepo ndi pamene khadi lalembedwa molakwika, likonzeni foni ikangodulidwa. Khadi likasowa, lembani latsopano, liikeni chizindikiro chakuti silinavomerezedwe, mnzanu aliyese asanalitulutse. Kuti zimenezi zitheke, mu ofesi mukhale tabuleti imodzi ya mtundu uliwonse umene uli kumidzi, yokhala ndi fomu ya version yomweyo. Zimachitika kuti matabuleti onse apita ku field, a help desk n'kumalongosola mabatani amene iwo eni sakuwaona.

Tsopano anankafumbwe. M'nkhokwe ya mayankho, anankafumbwe ndi mayankho amene anali olondola mwezi watha. Fomu ikasinthidwa, nambala za mafunso zimasuntha, njira yodumphira mafunso imasintha, ndipo khadi lonena kuti "pa funso 215 sankhani chakuti" limasanduka msampha. Muike lamulo lakuti version yatsopano ya fomu isatuluke musanayendere makhadi onse otchula version yakale. Pa spreadsheet ndi ntchito ya mphindi zochepa ngati danga la version munalidzaza. Khadi lotha ntchito musalifufute. Lilembeni kuti linapuma pa tsiku lakuti, n'kuloza lolowa m'malo mwake. Woyeretsa deta adzafuna kudziwa kuti sabata yachitatu magulu ankatsatira lamulo liti, ndipo nambala ya khadi lopuma musaipatsenso lina.

WhatsApp ndi yabwino poitanira, koma si nkhokwe. Yankho la lero limamira pansi pa mauthenga 200 a m'mawa wabwino ndi zithunzi za galimoto yotitimira m'matope. Uthenga wa mawu susakika. Ndipo uthenga wakale umatumizidwanso kwa gulu lina patapita masabata, wopanda tsiku, wopanda mwini. Khalani ndi magulu awiri: lina lolemba a ofesi okha, la zilengezo, uthenga uliwonse ukuyamba ndi nambala ya khadi, lina la mafunso. Poyankha m'gulu la mafunsolo, tumizani khadi lenilenilo, musalembe yankho latsopano ndi chala.

Pali ndi nkhani ya chinsinsi. Wofunsa mafunso akafuna thandizo msanga amajambula sikirini yonse, dzina la mayi, mudzi wake, mimba zimene anapita padera, zonse poyera m'gulu la anthu 100, n'kukatsalanso m'mafoni awo. Mayi uja anauzidwa pomupempha chilolezo kuti zake sizidzaoneka kwa wina, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, lilipo. Khadi nambala 001 likhale la zimenezi: potchula nyumba gwiritsani ntchito nambala ya EA, nambala ya nyumba ndi nambala ya mzere wa munthuyo pa fomu, ndipo chithunzi chidulidwe chisanatumizidwe. Wina akalakwitsa, auzidwe kuti afufute kwa onse nthawi yomweyo, ndipo inu mulembe kuti zinachitika. M'nkhokwe yenimo musalowe dzina la woyankha aliyense.

Nkhokwe ikakhala pa intaneti pokha, imathandiza a mu ofesi basi, pamene munthu woifuna kwambiri ali kuseri kwa phiri kopanda netiweki. Sabata iliyonse sandutsani makhadi ovomerezedwa akhale PDF imodzi yosakika, tsiku likhale pa tsamba loyamba komanso m'dzina la fayilo, ndipo supavaiza aiike pa matabuleti onse pa nthawi imene akutolera deta madzulo, yakale aichotse. Makhadi 10 ofunikira kwambiri asindikizidwe pa pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, likhale m'galimoto, chifukwa khadi lonena za tabuleti yokana kuyaka silingawerengedwe pa tabuleti yomweyo. Pa msonkhano wa madzulo supavaiza awerenge mokweza makhadi atsopano, osaposa atatu, n'kutumiza uthenga umodzi wotsimikiza kuti gulu lamva. Amene sanatsimikize pofika m'mawa, aimbireni.

Masitepe alembeni m'chilankhulo chimene gululo limalankhula, koma mawu a pa batani asiyeni monga mmene alili pa sikirini. Ngati muli ndi magulu kumpoto, mawu osakira akhalenso a Chitumbuka. Pa mafunso a tanthauzo, khadi lionetse funsolo m'zilankhulo zonse za fomu, chifukwa nthawi zina chosokoneza sichikhala mwa wofunsa, chimakhala m'kumasulira.

Makhadi a zoyeza magazi afunika kusamala mwapadera, ndipo asatuluke asanasainidwe ndi woyang'anira za labu. Apa danga la "pamene zikuchitika" ndi limene limapulumutsa. Makina oyezera kuchuluka kwa magazi a HemoCue Hb 201+ ndi Hb 301 amaoneka ngati apachibale, koma timagalasi take totengera magazi sitisinthanitsidwa ndipo malamulo ake ndi osiyana. Pa 201+ kagalasi kakadzazidwa kayenera kuwerengedwa pasanathe mphindi 10, pa 301 pasanathe masekondi 40. Timagalasi ta 201+ timasungidwa pa kutentha kwa madigiri 15 mpaka 30, ndipo botolo likatsegulidwa timatha ntchito pakapita miyezi itatu. Ganizirani botolo limenelo lili m'galimoto yotseka mawindo ku Nsanje mu Okutobala. Gulu likaimba kuti zotsatira zikutuluka zotsika modabwitsa kwa anthu ambiri motsatizana, khadi lifunse motere: makina ndi amtundu uti, botolo linatsegulidwa liti, lasungidwa pati, kodi woyezayo akufinya chala? Kufinya kumasakaniza magazi ndi madzi a m'minofu, zotsatira n'kutsika. Madontho oyamba amapukutidwa, kagalasi kamadzazidwa kamodzin'kamodzi, ndipo kokhala ndi thovu la mpweya kamatayidwa, sikawonjezeredwa magazi.

Nambala ya kuchepa kwa magazi imene mwana kapena mayi woyembekezera ayenera kutumizidwa nayo kuchipatala imasiyana kafukufuku ndi kafukufuku. Imeneyo musaitchule za m'mutu ngakhale munagwirapo kafukufuku wina chaka chatha. Ikopereni kuchokera m'protocol yanu, ndi nambala ya tsamba. Chimodzimodzi mphindi zowerengera zotsatira za kachipangizo koyezera malungo: zichoke pa pepala la m'bokosi la timene mwagulato. Zina ndi zosavuta, monga lakuti mwana wosakwana zaka 2 amayezedwa kutalika atagona, wa zaka 2 kupita m'tsogolo ataimirira. Ngati magulu anu amalemba GPS pamanja, ikani khadi lokumbutsa kuti Malawi ali kumwera kwa equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17 kapena kupitirira pang'ono. Woiwala kachizindikiro kochotsera amasamutsira mudzi wonse cha ku Sudan.

Khadi la chitetezo ndi lokhalo limene simuyenera kudikira kuti wina afunse kaye. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kaye antchito ake m'madera ena. Gulu loyenda pa galimoto yachilendo, likubaya anthu zala n'kutenga magazi, ndi loyamba kukayikiridwa mphekesera zotere zikadzuka. Khadi linene mwachidule: imitsani ntchito, khalani pamodzi, musakangane ndi khamu, chokani kupita kupolisi kapena kuchipatala chapafupi, imbani nambala yakuti. Nambalayo ikhale yapadera, yosazimitsidwa usiku, osati yomwe ikulandira za mabatire. Mphekesera iliyonse, ngakhale yomveka yachibwana, ilembedwe ndi dera lake ndipo magulu oyandikana nalo auzidwe tsiku lomwelo, kuti asalowe m'mudzi asanaonane ndi amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo.

Chinthu china chimene spreadsheet siingakuuzeni: amene sakuimba. Timati safunsa anadya phula, koma pa kafukufuku phulalo amadya ndi eni deta, wosafunsayo amalandira alawansi yake yonse. Ambiri a ku field ndi a kontrakiti yaifupi, akuyembekeza kudzaitanidwanso, ndiye amaopa kuoneka osadziwa ntchito. Kaundula wa help desk akangogwiritsidwa ntchito kamodzi podzudzula munthu, mafoni amachepa, abwana n'kusangalala kuti zinthu zayenda, pamene mavuto angosamukira pansi pa mtengo wa mango paja. Pa malipoti opita kwa abwana muzilemba nambala ya gulu ndi mtundu wa vuto, osati dzina la woimba. Aloleni angofulasha, inu muimbe, kuti asaumire chifukwa cha mayunitsi. Mukhale ndi mizere iwiri, wa Airtel ndi wa TNM, poti pamene wina sagwira wina amagwira. Ndipo gulu limene latha masiku atatu lili chete, liimbireni nokha n'kufunsa funso lolunjika, monga lakuti anachita bwanji atapeza bambo wa mitala amene akazi ake amaphika mosiyana.

Kaundula wanu amakhala wamphamvu mukamuika pambali pa matebulo oyang'anira ubwino wa deta amene woyang'anira deta amatulutsa kafukufuku ali mkati. Matebulowo akaonetsa kuti gulu lina lili ndi atsikana a zaka 14 ochuluka modabwitsa ndi a zaka 15 ochepa, ndi chizindikiro chodziwika chakuti ena akukankhira zaka kunja kwa malire kuti achepetse ntchito, kapena sakudziwa kufufuza zaka. Onani ngati gululo linafunsapo za zaka. Muzikumana ndi woyang'anira deta kwa mphindi 30 sabata iliyonse, aliyense ndi pepala lake.

Pa msonkhano womwewo tulutsani makhadi asanu amene agwiritsidwa ntchito kwambiri. Khadi loitanidwa tsiku ndi tsiku likuloza pamene fomu kapena maphunziro zaphonya. Ngati anthu akusokonezeka pa funso limodzi, mawu ofotokozera aikidwe pansi pa funsolo m'fomu momwemo, ODK ndi CSPro zonse zimalola. Ngati akulowetsa kulemera kwa mwana kosatheka, fomu ichenjeze yokha. Ngati mabatire akutha masana, vuto ndi la ma power bank ndi kotchajira, ndipo khadi silingatchaje tabuleti.

Poyesa ngati zikuyenda, musadalire kuchuluka kwa mafoni, mwaona kale kuti angachepe pa chifukwa choipa. Werengani mafunso amene anatha pa foni yoyamba, amene anayankhidwa ndi khadi lomwe linalipo kale, nthawi imene gulu linakhala litaima kudikira yankho, ndi mafunso amene akadali kwa eni ake kupitirira malire aja. Kamodzi pa sabata tengani funso limodzi, mufunse anzanu awiriwo padera, muone ngati ayankha mofanana. Pa kagawidwe ka nthawi, danga la nthawi m'kaundula lidzakuonetsani pamene mafoni amawunjikana, kawirikawiri m'mawa magulu asananyamuke ndi madzulo potumiza deta. Atatu nonse kukhala kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko n'kuweruka pamodzi ndiye kuti mukutseka sitolo pa nthawi imene ogula akubwera. Wina ayambe 6 koloko m'mawa, wina atseke 9 koloko usiku, ndipo posinthana pakhale mizere isanu yolembedwa ya zimene zatsala. Loweruka ndi Lamulungu magulu ambiri amagwira, chifukwa ndi pamene amapeza abambo pakhomo.

Kafukufuku akamatha, musadikire tsiku lomaliza, anthu a kontrakiti amabalalika msanga ndipo laputopu zimabwezedwa. Kutatsala masabata awiri, funsani supavaiza aliyense zinthu zitatu zimene gulu lake linathana nazo lokha osaimba, mudzapeza njira zimene ofesi sinazidziwe, zina zabwino, zina zofunika kuuza woyeretsa deta msanga. Kenako gawani makhadi pawiri: omangika ku fomu ya chaka chino, ndi okhalitsa monga a batire, tsiku lolakwika, chinsinsi ndi chitetezo. Onse, pamodzi ndi kaundula ndi makhadi opuma aja, asungidwe pa seva ya bungwe pambali pa deta, osati pa akaunti ya Google ya mmodzi wa inu. Okhalitsawo aperekedwe kwa okonza maphunziro a kafukufuku wotsatira, ndipo help desk idzatsegulidwe kuyambira pa pretest, nthawi yoyeserera fomu kafukufuku asanayambe, pamene magulu akadali pafupi ndipo fomu ingasinthidwe popanda kuthamangitsa matabuleti m'maboma onse.